Magalamu 28 m'kanyumba ka pa geti

Makolo athu, akuluakulu a komiti ya mzikiti ndi ophunzira anzathu, nkhani ya zomwe zinachitika pa geti la sukulu m'mwezi wa June munaimva kale, koma aliyense anaimva mwakemwake. Ena anamva kuti agogo alonda anakomoka ndi malungo. Ena akuti ndi shuga. Ku msika inafika itamera nyanga: akuti kunabwera akuba usiku n'kuwapopera mankhwala ogonetsa. Ife a Fomu 3 tapempha malo m'kalata ino chifukwa tinalipo, komanso chifukwa gawo lina la mlanduwu ndi lathu, ndipo takhala nalo pamtima kwa milungu ingapo.

Ku hositelo ya anyamata sitidzuka ndi wotchi. Pa mtengo wa mango womwe uli pafupi ndi geti panapachikidwa chitsulo cha gudumu la galimoto, ndipo agogo amachimenya m'bandakucha kuti tidzuke, tikachite wudhu nthawi ya Fajr isanakwane. Chitsulo chimenechi timachida tonse, makamaka nyengo yozizira. Tsiku limenelo sichinalire. Tinadzidzimuka ndi adhana, n'kuyamba kuthamangathamanga uku tikung'ung'udza kuti agogo agona pa ntchito. Kunja kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja kamene kamalowa mpaka m'mafupa.

Titafika pa geti tinapeza chitseko cha kanyumba kawo chili chokhoma cham'kati. Tinagogoda, kuli zii. Tinaitana, "Agogo! Agogo, kwacha!" Kuli zii. Mmodzi wa ife anang'amba katoni yomwe inali pa windo n'kuwunika ndi tochi. Agogo anali pa mpando wawo, mutu uli zyoli, mbaula ili pakati pa miyendo. Pansi pa phulusa makala anali akadali psuu. Tinathyola chitseko n'kuwakokera panja, thupi lonse lili lefu. Atapumako mphepo ya panja anasanza, kenako anayamba kulankhula zosamveka, osazindikira aliyense wa ife. Wina anathamangira ku khitchini kukafuna mkaka, poti kwathu timadziwa kuti munthu wa poizoni amamwetsedwa mkaka. Aphunzitsi oyang'anira hositelo atafika anauletsa mkakawo, anawagoneka agogo cham'mbali, n'kuthamangira nawo ku chipatala. Kumeneko anawaika pa okosijeni kwa maola angapo, ndipo anatuluka patapita masiku atatu.

Tsopano tinene zomwe sizinamveke ku msika. Katoni ija tinaika pa windo ndife. Chiguduli chomwe chinatseka mpata wa kunsi kwa chitseko tinabweretsa ndife. Makalanso tinagula ndife: tinasonkherana tindalama ta m'thumba titawaona agogo akunjenjemera usiku wina pochokera ku prep. Tinawapatsanso ndi malangizo omwe, ife ana anzeru ophunzira sayansi. "Agogo, muziyatsira panja, mudikire utsi uthe, kenako muzilowetsa." Umo ndi momwe timachitira kwathu tonse. Tinapita kukagona mitima ili mbee, tikuti tachita chinthu chabwino. Munthu akanafa ndi chifundo chathu.

Madamu athu a Chemistry sanatikalipire, ngakhale ena a ife tikanakonda kukalipiridwa n'kuthana nazo. Lachisanu la sabata yomweyo analowa m'kalasi atanyamula tepi yoyezera, sikelo ya ku labotale ndi jumbo ya makala. Anati, "Teremu yatha munandifunsa kuti ma mole mudzawagwiritsa ntchito kuti pa moyo wanu. Nyamulani makope, tiyeni ku geti."

Kwa makolo amene mwangomva ana anu akudandaula za "ma mole" osadziwa kuti n'chilombo chanji, tifotokoze momwe ife tinamvera. Zinthu zonse zinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu, ndipo zikamapsa, maatomuwo amagwirana mowerengeka bwino: limodzi ndi limodzi, limodzi ndi awiri, osati chisawawa. Vuto n'lakuti palibe munthu angawerenge maatomu. Ndiye a sayansi amachita zomwe amachita amayi ogulitsa mpunga: sawerenga njere, amayeza pa sikelo. Mole ndi mulu wa tinthuti wokhala ndi chiwerengero chosasintha, 6.02 × 10²³, kutanthauza 602 wotsatidwa ndi maziro 21. Nambalayi inapatsidwa dzina la Amedeo Avogadro wa ku Italy. Chiwerengero n'chimodzi koma kulemera kumasiyana, monga momwe njere 100 za mapira sizingalemere ngati njere 100 za nzama. Mole imodzi ya kaboni, yemwe ndiye thupi la makala, imalemera magalamu 12. Okosijeni wa mu mphepo amayenda awiriawiri, aliyense 16, choncho mole yake ndi magalamu 32. Ndipo mpweya wina uliwonse, pa kutentha kwa m'nyumba, mole yake imodzi imadzaza malita pafupifupi 24, chigubu chimodzi cha madzi ndi kapang'ono.

Makala ali ndi njira ziwiri zopsera. Kaboni akapeza okosijeni wokwanira amatenga awiri:

C + O₂ → CO₂

Magalamu 12 ndi magalamu 32 amapanga magalamu 44 a carbon dioxide, mpweya womwe ifenso timatulutsa popuma. Koma okosijeni akachepa, kaboni amangotenga mmodzi:

2C + O₂ → 2CO

Apa mole iliyonse ya kaboni imapereka magalamu 28 a carbon monoxide. Pa pepala kusiyana kwake ndi ka 2 kakang'ono kamene ambiri a ife timaiwala kulemba pa mayeso.

Tinayeza kanyumba: mamita 3 m'litali, 2 m'lifupi, 2.5 kupita m'mwamba. Kuchulukitsa zitatuzi kunatipatsa 15, ndipo poti cubic metre imodzi ndi malita 1,000, m'kanyumbamo mumalowa malita 15,000 a mphepo. Kenako tinadzaza mbaula ya agogo monga amadzazira n'kuyeza makalawo. Anakwana magalamu 800. Makala si kaboni yekhayekha, muli phulusa, chinyezi ndi zina, ndiye tinagwirizana kuti tiwerengere magawo atatu mwa anayi kukhala kaboni. Amenewo ndi magalamu 600. Kugawa 600 ndi 12, tinapeza ma mole 50.

Chodabwitsa choyamba chinatulukira pomwepo. Ma mole 50 atapsa bwinobwino angapereke 50 × 44, magalamu 2,200 a carbon dioxide. Mtsikana wina anakweza mkono n'kunena kuti talakwitsa penapake. "Madamu, makala osakwana kilo angatulutse bwanji mpweya woposa makilo awiri? Winawo wachokera kuti?" Madamu anangomuuza kuti achotse 600 pa 2,200 ndipo aone ngati nambalayo akuidziwa. Inatsala 1,600, yomwe ndi 50 × 32, kulemera kwa okosijeni amene moto wadya kuchokera mu mphepo. Ife timaona mbaula yodzaza madzulo, m'mawa n'kupeza kaphulusa kodzaza dzanja, ndiye timati makala atha. Sanathe, asanduka mpweya, ndipo mpweyawo ndi wolemera kuposa makala omwe tinagula. Antoine Lavoisier wa ku France ndiye anasonyeza zimenezi poyeza zinthu m'mabotolo otseka zisanapse ndi zitapsa, n'kuzilemba m'buku lake la mu 1789. Panja mphepo imamwaza makilo awiriwo. M'chipinda chotseka amakhala nanu momwemo.

Chachiwiri ndi chomwe chinatikanganitsa kwa phiriyodi yonse, ndipo ife tikuona kuti m'pamene tinaphunzira zenizeni. Tonse tinali titaloweza kuti carbon monoxide amapangika okosijeni akachepa, ndiye tinkaganiza kuti m'kanyumba muja okosijeni anatha. Tinawerengera kuti titsimikize. Mu mphepo, magawo 21 pa 100 aliwonse ndi okosijeni. Pa malita 15,000 amenewo ndi malita 3,150, ndipo kugawa ndi 24 kunatipatsa ma mole 131. Makala a agogo ankafuna ma mole 50 okha. Okosijeni analipo wokwanira kuwotcha mbaula ziwiri zodzaza, wina n'kutsalako. Mnyamata wina yemwe sachedwa kugamula anati ndiye kuti buku likunama.

Madamu anayatsa mbaula panja n'kutiuza kuti tigwade, tiyang'ane m'kati mwa mulu wa makala. Okosijeni atha kukhala wambiri m'chipinda koma pakati pa makala othithikana asafikepo. Mphepo imalowera m'mabowo a pansi. Makala a pansiwo amapsa bwino n'kupanga carbon dioxide. Koma mpweya umenewu pokwera umadutsa m'makala ofiira a pamwamba, amene ali ndi njala ya okosijeni, ndipo amaulanda mmodzi:

CO₂ + C → 2CO

Choncho mbaula iliyonse imapanga carbon monoxide, ngakhale ya pabwalo. Timalawi ta buluu timene timavina pamwamba pa makala ndi mpweya womwewu ukupsa n'kubwerera kukhala carbon dioxide. Timalawito tikazima, kapena mukafotsera moto ndi phulusa kuti ufike m'mawa monga anachitira agogo, palibenso chouwotcha, umangotuluka. Ndipo m'chipinda chotseka, okosijeni akamacheperachepera, gawo la kaboni lopita njira yachiwiri ija limakulirakulira. Apa m'pamene malangizo athu aja a utsi anatichititsa manyazi. Utsi ndi wa poyatsa, ndi wa zinyalala ndi chinyezi, ndipo uli ndi ubwino umodzi: umatsokomoletsa, umaliza misozi, munthu amatsegula chitseko. Makala ofiira bwino opanda utsi, amene timati apsa tsopano alowe m'nyumba, ndi amene amatulutsa mpweya wopanda mtundu, wopanda fungo, wosakoma kapena kuwawa.

Titabwerera m'kalasi madamu analemba funso pa bolodi, la mtundu womwe umabwera pa mayeso. Magalamu 72 a kaboni apsa mu magalamu 160 a okosijeni, ndipo zonse ziwiri zatheratu. Pezani kulemera kwa carbon monoxide yemwe wapangika. Ambiri a ife tinathamanga: 72 kugawa ndi 12 ndi ma mole 6, kuchulukitsa ndi 28, yankho 168. Zolakwika. Tinaiwala kuti moto weniweni sutsata njira imodzi. Yemwe anatitsegula mitu ndi mtsikana amene amakhala kumbuyo, wosayankhulayankhula, yemwe mayi ake amaphika mandasi. Anati magalamu 160 ndi ma mole 5 a okosijeni, koma poti amayenda awiriawiri, maatomu ake ndi ma mole 10. "Ndiye zili ngati mandasi 10, ana 6. Aliyense mpatseni limodzi kaye. Atsala 4. Ana anayi alandira lachiwiri, ana awiri atsala ndi limodzi." Anayi aja ndi carbon dioxide, 4 × 44, magalamu 176. Awiri aja ndi carbon monoxide, 2 × 28, magalamu 56. Kuphatikiza 176 ndi 56 kumapereka 232, ndipo 72 ndi 160 ndi 232 yemweyo. Palibe chatayika. Madamu anatisonyezanso njira ya x ndi y yomwe ikufunika polemba mayeso, koma tikuulula kuti tonse timayamba tagawa mandasi m'mutu kenako n'kumalemba x.

Tsopano tinabwerera kwa agogo. Madamu anati tisakokomeze, tingoyerekeza kuti pa ma mole 50 aja, gawo limodzi lokha pa magawo khumi ndi lomwe linatuluka ngati carbon monoxide. Amenewo ndi ma mole 5. Kulemera kwake 5 × 28, magalamu 140. Malo omwe angadzaze, 5 × 24, malita 120. Tinayang'anana. Malita 120 m'kati mwa malita 15,000? Zigubu zisanu ndi chimodzi pakati pa zigubu 750? Zinaoneka zochepa zedi, mpaka wina anati mwina agogo anadwaladi malungo.

Mpweya woopsa amauyeza ndi muyezo wotchedwa ppm, kutanthauza magawo angati pa magawo miliyoni imodzi a mphepo. Malita 120 pa 15,000 ndi 8,000 ppm. Madamu analemba nambala zina pambali pake. Pa 200 ppm, munthu amayamba kumva mutu pakapita maola awiri kapena atatu. Pa 800 ppm amachita chizungulire ndi nseru ola lisanathe, ndipo amakomoka pasanathe maola awiri. Pa 1,600 ppm atha kufa pasanathe maola awiri. Yathu ija inali 1,600 kasanu.

Kenako anatiuza kuti tiyende chobwerera m'mbuyo. Kuti kanyumba kameneka kafike pa 1,600 ppm, pakufunika kaboni wochuluka bwanji? Tinachulukitsa 15,000 ndi 1,600 n'kugawa ndi miliyoni. Yankho: malita 24. Amene anali ndi calculator anabwereza kawiri poganiza kuti yasokonekera. Malita 24 ndi mole imodzi ndendende. Magalamu 28 a mpweya, ochokera ku magalamu 12 a kaboni, omwe ndi makala olemera magalamu 16. Mnzathu wina wokonda makani anati usiku uja kunazizira, ndiye 24 sakuyenera. Madamu anavomera kuti akunena zoona, mpweya wozizira umafinyikako, koma kusiyana kwake n'kwa pafupifupi lita imodzi, ndipo anamufunsa ngati lita imeneyo ingamulimbitse mtima kukagona m'menemo.

Anasankha makala m'jumbo, kuika pa sikelo, kubenthula, kuikanso, mpaka sikelo inawerenga 16. Kanali kakhala kofanana ndi chala chachikulu cha kumanja. Anakapereka kwa wa kutsogolo kuti kayende m'kalasi monse. Kalasi yathu mukuidziwa, sitikhala chete ngakhale a hedi alowe. Tsiku limenelo kakhala kanayenda dzanja ndi dzanja, mizere yonse isanu, popanda wotsokomola.

Mwina mukufunsa kuti nanga agogo ali moyo bwanji. Masamu athu akuwerengera ngati kanyumbako ndi botolo lotseka. Sikotseka chotero. Pakati pa khoma ndi malata pali mipata yomwe mphepo imalowera ndi kutulukira, ndipo mpweya wambiri unathawira m'menemo. Mipata imeneyo tinaiona tsiku lomwe tinkaika katoni, ndipo tinapangana kuti tidzaitseke ndi mapepala Loweruka. Chinatilepheretsa n'chakuti makwerero a sukulu anali atabwerekedwa.

Chomwe chimachititsa kuti kampweya kochepa chonchi kaphe munthu chili m'magazi. Muli chinthu chotchedwa haemoglobin, chimene chimanyamula okosijeni kuchoka m'mapapo kupita ku ubongo, ku mtima ndi thupi lonse. Haemoglobin amagwira carbon monoxide mwamphamvu kuposa momwe amagwirira okosijeni, kopitirira ka 200. Zili ngati minibasi yomwe pa siteji iliyonse pakukwera munthu mmodzi wokana kutsika. Poyamba simuona vuto, koma ikazungulira kangapo mipando yonse yadzaza ndi anthu osatsika, ndipo oyenera kupita ku ntchito atsala pa siteji. N'chifukwa chake nthawi ndi yofunika ngati kuchuluka kwa mpweyawo: pang'ono usiku wonse n'chimodzimodzi wambiri kwa kanthawi. Zizindikiro zake n'zonamiza, mutu, nseru, chizungulire, kufooka, zonse zofanana ndi malungo. Munthu ali maso amazimva koma amaganiza kuti akagona zitha. Amene wagona kale samva kanthu. Agogo akuti anamva mutu kugunda cha pakati pa usiku, anafuna kudzuka kuti atsegule chitseko, koma miyendo inakana.

Mu zaka za m'ma 1890, John Scott Haldane wa ku Scotland ankapuma dala mpweya umenewu n'kumalemba zomwe akumva komanso kuyeza magazi ake, pofuna kudziwa chomwe chimapha anthu m'migodi ya malasha moto ukabuka. Iye ndiye analangiza kuti ogwira ntchito azilowa ndi tinyama ting'onoting'ono, mbewa kapena timbalame totchedwa canary, poti timagwa msanga munthu asanamve kanthu. Migodi ya ku Britain inasiya kugwiritsa ntchito timbalameti mu 1986, makina atalowa m'malo mwake. Tikutchula izi pofuna kusonyeza kuti ngakhale akadaulo okhala pansi pa nthaka moyo wawo wonse sankadalira mphuno zawo.

Ma mole anatiyankhanso mafunso ena awiri omwe tinali nawo. Ena amati ukagona pa bedi lalitali supezeka ndi vuto chifukwa mpweya woipa umatsika pansi, pomwe ena amati umakwera kudenga ndiye bola kugona pa mphasa. Mole ya mphepo wamba imalemera magalamu pafupifupi 29, ya carbon monoxide 28. N'zofanana, choncho zimangosakanikirana chipinda chonse, palibe kona yothawirako. Ena amaika beseni la madzi pafupi ndi mbaula kuti liyamwe poizoni. Mpweya umenewu susungunuka m'madzi kwenikweni, beseni limangokhalapo. Za mkaka zija nazo n'zosathandiza, chifukwa mkaka umapita m'mimba pomwe vuto lili m'magazi, ndipo kumwetsa munthu wokomoka kungamutsamwitse. Chimene chimachotsa anthu osatsika aja m'minibasi ndi okosijeni basi. Munthu akamapuma mphepo wamba, pamatenga maola anayi kapena asanu kuti theka la poizoniyo lichoke m'magazi. Pa okosijeni wa ku chipatala pamatenga ola limodzi kapena ola ndi theka. Ndiye ngakhale munthu atsitsimuke panja n'kunena kuti ali bwino, apite naye ku chipatala.

Pali china choti tiulule, ndipo a hedi tawauza kale. Magetsi akazima nyengo yozizira, m'zipinda zina za ku hositelo munkalowa mbaula mozemba, ya tiyi ndi yootha powerenga. Tinkatseka mawindo kuti kuwala kusaoneke panja. M'mawa tinkadzuka mitu ikuwawa chipinda chonse, n'kumati ndi kuwerenga kwambiri, ena n'kumanyadira kumene. Titayeza chipinda chimodzi tinapeza kuti ndi chachikulu kanayi kuposa kanyumba ka agogo. Kanayi kokha. Timakala tinayi ngati kaja, anyamata khumi ndi awiri ali m'tulo.

Pa tchuthi cha pakati pa teremu tinapita nayo nkhaniyi kumakomo, ndipo sikuti konse inalandiridwa ndi manja awiri. Mnzathu wina anayankhidwa ndi agogo ake aakazi kuti, "Iwe, ife takula tikuotha moto m'nyumba, amako anabadwira pambali pa moto. Bwanji sitinafe?" Funso limeneli si lopusa, ndipo tinakhala nalo masiku angapo. Yankho lomwe tapeza n'lakuti nyumba zasintha koma chizolowezi sichinasinthe. Nyumba ya udzu imapuma yokha. Mphepo imadutsa m'denga, m'mphepete mwa khoma, m'chitseko cha bango. Lero tikumanga za njerwa zowotcha ndi simenti, malata, siling'i, mawindo a magalasi, zitseko zokhala bwino, ndipo tibowo ta mphepo tomwe amisiri amasiya pamwamba pa windo timatitseka ndi nsanza poopa udzudzu ndi fumbi. Nyumba ikamakongola m'pamene ikufanana kwambiri ndi botolo la masamu athu lija. Agogo aja akunena zoona za nyumba yawo yakale. Koma chipinda chomwe amagona lero anawamangira ndi mwana wawo wa ku Johannesburg, ndipo n'cha siling'i.

Kwa a komiti tili ndi mawu amodzi owonjezera pa za jenereta. Petulo naye ndi kaboni wambiri, ndipo injini imatulutsa carbon monoxide nthawi zonse ikamalira. Mvula ikamagwa taonapo jenereta ikulowetsedwa m'kachipinda kosungira katundu komwe khomo lake limayang'ana m'khonde momwe anthu amavulira nsapato. Tikupempha kuti ipezeredwe kamthunzi kake panja, kutali ndi mawindo.

Agogo atayambiranso ntchito tinapita kukapepesa, kalasi yonse, madamu ali kumbuyo. Mtsogoleri wa kalasi anagwada n'kunena kuti, "Agogo, mutikhululukire, tinakulakwirani osadziwa." Anatiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Adzukulu anga, mwalakwa chiyani? Munandiona ndikuzizidwa, ena onse ankangodutsa." Tinawaonetsa kakhala kaja n'kuyesa kuwafotokozera za ma mole, tikulandizana mawu. Anakatembenuzatembenuza m'dzanja, n'kufunsa kawiri ngati tikunenadi kameneka kokha. Atatsimikiza anakaika pa windo, pomwe panali katoni paja. Ndiye anatifunsa funso lomwe silili m'buku lathu: "Chabwino, mbaula ndaitulutsa. Nanga kuziziraku ndi ma mole angati? Poti sikunachoke."

Sikunachokedi. Usiku uliwonse tsopano agogo amakhala ndi windo lotsegula, mbaula ili panja pa khonde, ndipo akafuna kuotha amatuluka n'kukakhala pa mphepo. Munthu wa zaka zawo sangapirire zimenezi nyengo yonse, ndipo tikudziwa kuti tsiku lina chiperoni chikadzalimba, mbaula ija idzayamba kusendera ku chitseko. Ife tasonkha ndalama zomwe tikanagulira makala ena ndipo tagula bulangete limodzi ndi chipewa cha ubweya. Chatsala ndi chijasi chokhuthala, nsapato za jombo ndi masokosi, komanso fulasiki yoti a ku khitchini aziwathiriramo tiyi madzulo. Tapemphanso kuti pa khoma la kanyumbako aboolepo malo awiri n'kuikapo njerwa za mabowo, ena m'munsi mbali ya geti, ena m'mwamba mbali ya kumpanda, kuti mphepo izidutsa ngakhale wina atadzatsekanso windo. Kalata yathu ili ndi alembi a komiti, pamodzi ndi pepala la masamu onse omwe tafotokoza muno, ndipo atiuza kuti ikambidwa pa msonkhano wa Lachisanu likudzali ikatha swala ya Jumu'a. Amene angafune kuona kakhala kaja, kakadali pa windo la agogo. Amakaonetsa kwa aliyense wolowa pa geti, ngakhale amene sanafunse.